Zikomo a Brian Fox ndi a Chet Ramey, kuchokera ku Mutare

Bambo Fox ndi Bambo Ramey,

Ndikulemba kuchokera ku Fairbridge Park, mumzinda wa Mutare ku Zimbabwe. Agogo anga anachokera ku Dedza kudzafuna ntchito m'mafamu a kuno. Ine ndimasamalira maseva a timakampani tokonza zikalata za katundu wodutsa pa chipata cha Forbes, wochokera ku doko la Beira. Maseva amenewa alibe sikirini, alibenso mausi. Ndimalowamo ndi ssh, ndipo chondilandira pakhomo tsiku lililonse ndi shell ya Bash, ntchito ya manja anu.

Inu a Fox munaitulutsa mu 1989 muli ku Free Software Foundation. Inu a Ramey mwakhala mukuisamalira, pamodzi ndi Readline, kuyambira m'zaka za m'ma 1990, kwinaku mukugwira ntchito yanu ku Case Western Reserve University ku Cleveland. Nzeru yoti shell izikumbukira malamulo akale inadza ndi a Bill Joy mu C shell ku Berkeley, nawonso ndikuwathokoza. Koma imene zala zanga zinazolowera ndi yanuyi.

Ndikuthokoza koposa chifukwa cha Ctrl-R. Lamulo la rsync losunga mafayilo a kasitomala limakhala lalitali, lodzaza ndi mayina a mafoda, ndipo chilembo chimodzi chikasokonekera, ntchito ya anthu ya mlungu wathunthu ingafufutike. Lamulo lotere munthu salembanso ndi mutu. Ndimadina Ctrl-R, kulemba zilembo zochepa, ndipo lija ndinaliyesa kale n'kuona kuti likugwira limatulukira. Ctrl-A imandibwezera kumayambiriro kwa mzere, Ctrl-E kumapeto, Alt-B kubwerera liwu limodzi, Ctrl-W kuchotsa liwu, Ctrl-Y kulibwezeretsa. Intaneti ikamakwawa, chilembo chilichonse n'kumachedwa kuonekera, kusintha liwu limodzi m'malo molemba mzere wonse kumandipulumutsa kwambiri. Lamulo likatalikitsa, Ctrl-X kenako Ctrl-E imalitsegula mu edita kuti ndiliwerenge modekha ndisanalilole kuyenda.

Za sudo !! ndi Alt ndi kadontho sindichulukitsa. Aliyense amene anazigwiritsapo akudziwa kukoma kwake.

Palinso nkhani ya magetsi. Madzi atachepa ku Kariba mu 2019 ndi mu 2022, kuno tinkakhala mumdima maola ambirimbiri. Bash imalemba mbiri yake mu .bash_history pokhapokha ikamatsekedwa bwino, choncho kompyuta ikazima mwadzidzidzi, zonse za tsikulo zimapita. Koma munatisiyira njira: kuika history -a mu PROMPT_COMMAND, kuti lamulo lililonse lizilowa m'nkhokwe likangotha. Ndinakwezanso HISTSIZE ndi HISTFILESIZE kuchoka pa 500, chifukwa lamulo limene ndidzalifune mu Disembala mwina ndinalilemba mu Malichi.

Chimodzi ndikanakonda chikanakhala chosiyana. Kulemba !rm kumayendetsa pomwepo lamulo lomaliza loyamba ndi rm, munthu asanalione n'komwe. Munaikamo histverify yoti izionetsa kaye lamulolo, koma imabwera yozimitsa. Achinyamata a ku Sakubva ndi Dangamvura amene amabwera kudzaphunzira pa malaputopu akale, chinthu choyamba chimene ndimawayatsira ndi chimenechi. Amasangalala akazindikira kuti mabatani aja a Ctrl-R ndi anzake akugwiranso mu psql ndi gdb, pakuti Readline ili mmenemonso.

Palibe anatipempha ndalama, palibe anatifunsa kuti ndife a dziko liti. Laisensi ya GPL imatilola kukopera, kuwerenga ndi kusintha. Zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni ndi kukupatsani mphamvu.

Ndipo inu anzanga owerenga ku Lilongwe, Chipata kapena Tete, lembani man bash, mufike pa gawo la READLINE, muyese Ctrl-R lero lomwe.

Ine wanu wothokoza,
Wosamalira maseva, Fairbridge Park, Mutare