Tiyi wa ku China wothetsa kutopa: m'paketimo muli chiyani?

Mukatsegula Facebook kapena TikTok masiku ano, simupita patali musanakumane ndi wina akutsatsa zitsamba za ku China. Nyimbo yake ndi imodzi: mukangodya pang'ono m'mimba mumadzadza, chakudya sichikukomanso, m'mawa mumadzuka otopa ngati mwachezera kulima. Ndiye akuti imwani ichi basi. Ena amatchulanso WHO, poti mu May 2025 msonkhano waukulu wa bungweli ku Geneva unavomereza ndondomeko ya mankhwala achikhalidwe ya 2025 mpaka 2034.

Chiyambi cha mankhwalawa si chabodza ayi. Asing'anga a ku China amati munthu wotere "qi" ya kapamba wake yafooka. Kapamba amene akunenayu si chiwalo chokhacho chimene dokotala amachiona pa sikani. Kwa iwo ndi dzina la ntchito yonse yosandutsa chakudya kukhala mphamvu. Mankhwala otchuka pa vutoli ndi Si Junzi Tang, kunena kuti msuzi wa njonda zinayi. Njondazo ndi ginseng, muzu wa bai zhu, fu ling (mtundu wa bowa womera pamizu ya paini) ndi muzu wotsekemera wa licorice. Analembedwa m'buku la mankhwala la boma m'nthawi ya mafumu a Song, m'zaka za m'ma 1100. Pambuyo pake sing'anga Li Dongyuan, ataona momwe nkhondo ya a Mongol ndi njala zinasakazira anthu kumpoto kwa China, analemba buku lonse lokhudza kapamba ndi m'mimba mu 1249.

Ku Japan, m'bale wake wa msuziwu, rikkunshito, amalembedwa ndi madokotala m'zipatala ndipo inshuwalansi ya boma imalipira. Kafukufuku wina wa kumeneko wasonyeza kuti amathandizako anthu odzimbidwa pafupipafupi amene apimidwa n'kupezeka opanda chilonda kapena chotupa. Mawu ofunika ndi akuti "apimidwa". Komanso mankhwalawo amachokera m'fakitale yoyang'aniridwa, mulingo wake ndi wodziwika.

Ife a ku Malawi tili ndi chifukwa chosanyozera zitsamba za ku China. LA amene timamwa tikadwala malungo ali ndi artemether, wochokera ku artemisinin, amene Tu Youyou ndi anzake anamupeza mu chitsamba cha qinghao mu 1972. Mayiyu analandira mphoto ya Nobel mu 2015. Koma onani njira yake: chitsamba chinalowa mu labu, anapatulamo chimene chikugwira ntchito, anachiyesa pa odwala, kenako mulingo unakhazikitsidwa. Paketi ya pa WhatsApp yadutsa kuti?

Zoti WHO inavomereza, pamenepo otsatsa amakokomeza. Bungweli linaikadi mayina a matenda a chikhalidwe cha China, Japan ndi Korea m'kaundula wake wa ICD-11, amene anayamba kugwira ntchito mu 2022. Cholinga n'chakuti mayiko azitha kulemba ndi kuwerenga odwala mofanana. Kulembedwa m'kaundula si umboni woti mankhwala amachiza, ndipo WHO yomweyo inanena zimenezi.

Mawu akuti "zachilengedwe" asatigonetse tulo. Licorice akachuluka m'thupi amakweza BP ndi kutsitsa potassium, zomwe zingasokoneze kagundidwe ka mtima. Ginseng amatha kusemphana ndi warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana. Ku Belgium, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amayi oposa 100 anawonongeka impso atamwa mankhwala ochepetsa thupi momwe chitsamba china chinasinthanitsidwa ndi Aristolochia. Ena mwa iwo anadzapezekanso ndi khansa ya njira ya mkodzo. Mayina a zitsamba ziwirizo m'Chitchaina amafanana, ndiye tangoganizani inu amene simungawerenge n'komwe zolembedwa pa paketi.

Koma kwa ine choopsa chachikulu si zomwe zili m'tiyimo, ndi nthawi imene munthu amataya. Kuno kwathu kutopa ndi kusafuna kudya kumabisa zambiri: kuchepa magazi, malungo, TB, HIV, shuga, zilonda za m'mimba zobwera ndi kachilombo ka H. pylori. Zambiri mwa izi zimadziwika ndi kadontho ka magazi, makhololo kapena chimbudzi, ndipo zili ndi mankhwala ake. Miyezi itatu ya tiyi ndi miyezi itatu imene TB ikudya mapapo mwakachetechete. Sing'anga weniweni wa ku China amayamba waona lilime, kugwira mtsempha wa pamkono ndi kufunsa mafunso asanasakanize kanthu. Wa pa TikTok amangofuna mumutumizire ya Airtel Money.

Udindo woona mankhwala olowa m'dziko muno uli ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, PMRA. Kuyendera ma famase n'kotheka, koma msika wasamukira m'ma inbox, komwe wogulitsa alibe shopu ndipo mawa akhoza kusintha nambala. Mukamufunsa ngati katundu wake analembetsedwa ku PMRA, ndi mayina a zitsamba zonse zomwe zilimo, wogulitsa wolongosoka amayankha ndi pepala. Wosalongosoka amakutumizirani voice note ya kasitomala amene akuti anachira.