Madzi Saiwala Khwawa



Sabata ino tilingalire za chinthu chimene sichitchulidwa kawirikawiri pa guwa: ngalande za mumzinda wathu wa Blantyre. Ena adzati nkhani imeneyi ndi ya khonsolo, si ya Mpingo. Ife tikuti ndi nkhani ya lamulo la kukonda mnansi, pakuti madzi amene tawathamangitsa pakhomo pathu sathera m'malere. Amatsikira kwa amene amakhala kumunsi, ndipo nthawi zambiri iyeyo ndiye wosauka kuposa ife.

Mvula ya masiku ano si ija ankaidziwa agogo athu. Akatswiri a zanyengo amatiuza kuti mpweya ukatentherako ndi digiri imodzi umasenza chinyezi choonjezera pafupifupi 7 peresenti, motero mvula ikati igwe imakhuthuka yambiri pa nthawi yochepa. Tidaona namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022, kenaka Freddy m'mwezi wa Malichi 2023, amene adapha anthu oposa 600 m'dziko muno, ena mazanamazana osapezeka konse. Zoona, matope ndi miyala zimene zidatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe sizikadaimitsidwa ndi ngalande iliyonse. Imeneyo ndi nkhani ya mitengo yomwe idatha m'phiri ndi ya malo omangapo nyumba. Koma madzi amene amalowa m'nyumba ndi m'misika chaka ndi chaka, popanda namondwe, amenewo ndi a ngalande.

Mzinda wakula, ngalande sizinakule. Pamene padali tchire lomwa madzi pano pali malata, simenti ndi phula, ndipo dontho lililonse limathamangira ku Mudi, ku Naperi kapena ku Nasolo nthawi imodzi. Likafika pa kalavati wopapatiza limapeza majumbo, mabotolo ndi mchenga zitatseka pakamwa. Boma lidaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, koma amene amawaponya m'ngalande pochokera kumsika ndife tomwe, ena a ife titavala korona m'khosi. Makolo adati madzi saiwala khwawa. Tikamanga pa njira yake kapena kuitseka, amadzera m'chipinda cha mwana wa mnzathu, ndipo tisamafulumire kunena kuti ndi chifuniro cha Mulungu.

M'buku la Nehemiya, mutu 3, anthu adamanganso linga la Yerusalemu, ambiri a iwo aliyense chigawo choyang'anana ndi nyumba yake. Chipata chotulutsira zinyalala adachikonza ndi Malikiya, munthu amene ankalamulira dera lathunthu. Sadaione ntchitoyo ngati yonyozeka. Malemu Papa Francis, m'kalata yawo ya Laudato Si' ya mu 2015, adatikumbutsa kuti chilengedwe chikaonongeka oyamba kuvutika ndi amphawi.

Tsono miphakati yathu igawane misewu, ndipo ngalande zikumbidwe mu Okutobala mvula isanayambe, osati madzi atafika kale m'mawondo. Zimene tavuulamo tisazisiye m'mbali mwa ngalande momwemo, poti mvula yoyamba idzazibwezeramo. Pabwalo la tchalitchi ndi pamakomo pathu tisathire simenti paliponse: tisiye malo a udzu, tikolole madzi a padenga m'migolo ndi m'mathanki, tibzale vetiva ndi nsungwi m'mphepete mwa mitsinje.

Komabe fosholo siikulitsa kalavati. Apa m'pamene achinyamata ophunzira muyenera kulankhula. Lembani malo amene madzi amasefukira m'dera lanu, tsiku lake ndi msinkhu umene adafika, mukapereke kwa khansala pa msonkhano wa chitukuko. Msewu watsopano ukamamangidwa, funsani kuti ngalande zake aziyezera mvula ya chaka chiti, ndiponso kuti madzi ake akathera pakhomo pa yani.