Sayansi ya pabolodi yatikwana, ana agwire zida

Anzanga a pamsika, ndani mwa inu anaphunzira kuyeza nyemba pasikelo pongomvetsera? Telala amadziwa mashini poponda. Wokonza mawailesi amadziwa waya atanyanyulidwapo ndi magetsi kangapo. Nanga bwanji ana athu ku sekondale akuphunzira sayansi ndi makutu okha basi?

M'sukulu zambiri za CDSS, zija zinali ma MCDE boma lisanazisinthe mu 1998, mulibe labotale. Aphunzitsi amajambula botolo pabolodi n'kunena kuti tiyerekeze muno muli asidi. Koma pa mayeso a Fomu 4 a MANEB safuna zoyerekeza ayi. Pamakhala pepala la pulakitiko, mwana agwire zida ndi manja ake. Ena zidazo amaziona koyamba mayeso atayandikira, zobwereka kusukulu ina. Manja kunjenjemera, thukuta lanu la zaka 4 n'kulowa m'madzi.

Apa ndiye pamalowa thandizo la akunja. Inu mukudziwa bwino kusiyana kwa katapila ndi mpamba wokupatsani achimwene. Thandizo silibwezedwa, koma limadza ndi pangano: ndalama iyi ndi yogulira chakuti, ndipo malisiti tidzawaone.

Mu 2004 dziko la Japan, kudzera ku bungwe lake la JICA, linayamba kuthandiza pulogalamu ya SMASSE, yosula aphunzitsi a masamu ndi sayansi kuti ana aziyesa okha zinthu m'kalasi. Japan yemweyo anamanganso makalasi ndi malabotale m'ma CDSS angapo ndi ndalama zosabweza. Nzeru ya SMASSE ndi yapamsika ndithu: chida chodula chikasowa, gwiritsa chimene chilipo. Botolo la pulasitiki ukalidula pakati lasanduka fanelo. Madzi ofiira owiritsira chidede amasintha mtundu ukathiramo soda kapena chidulo, mwana n'kuona ndi maso ake zimene buku likunena.

Musaderere thandizo laling'ono. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, anasiya sekondale pa njala ya 2002 fizi itasowa. Pa kalaibulale kakang'ono kolandira mabuku ndi thandizo la Amereka anapezapo buku la za magetsi. Anatola njinga yakutha, fani ya thirakitala ndi mitengo ya bulugama, n'kupanga makina a mphepo oyatsa magetsi kwawo. Buku linatsegula mutu, koma ntchito anagwira ndi manja.

Tsono vuto lili apa. Labotale ikamangidwa, alendo kudula riboni, zithunzi kujambula, kenaka loko pachitseko, ati ana angaswe magalasi. Kwina mankhwala oyesera akatha palibe wogula ena, poti wothandiza uja anamaliza gawo lake n'kupita. Chili chimodzi ndi kupatsidwa benchi yatsopano pamsika koma yopanda katundu. Ndipo othandiza sakhalitsa. Tonse tinaona mu 2025 boma la Amereka likutseka bungwe la USAID, ntchito zambiri n'kuima. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Ndiye msonkhano wa PTA ukaitanidwa, musamati ndatanganidwa. Siyirani mnzanu benchi maola 2, mukafunse. Sukulu yalandira thandizo lanji, kuchokera kuti? Zida zagulidwa ziti, zili m'chipinda chiti, kiyi amasunga ndani? Mankhwala akatha ndalama idzachoka kuti? Munthu amene amawerengera tomato mmodzimmodzi pa oda sangalephere kuwerenga mabotolo a mu labotale.

Komanso zina tingathe tokha. Mawaya, mababu a tochi, maginito a m'masipika akutha, mabotolo, zonsezi zimangotayika kuseri kwa msika pomwe mphunzitsi wa sayansi akuzisowa. Ziunjikeni m'katoni mukapereke.

Madzulo ano mwana akabwera kusukulu, musangofunsa kuti walemba chiyani. Mufunseni kuti sabata ino wagwira chida chanji. Akangoti kukamwa yasa, dziwani kuti thandizo lija silinafike kwa mwini wake.