"Everyone" ndi aliyense, osati onse

Anzanga, taimani kaye pano belu lisanalire, ndikuuzeni zomwe zinandionekera.

Kumayambiriro kwa teremu ino madamu a Chingerezi analowa m'kalasi mwathu n'kufunsa ngati tonse tabwera. Monitala anali atapita kukatenga choko, ndiye ine ndinaimirira mwamphamvu n'kuyankha kuti, "Everyone are present, madam." Abale, kalasi yonse inafa ndi phwete. Ena anayamba kunditchula kuti "a Everyone Are", ndipo ndinatha sabata yathunthu osakwezanso mkono.

Pambuyo pake ndinafunsa atatu mwa amene ankaseka aja kuti andiuze chifukwa chake timati "everyone is". Onse anayankha chimodzimodzi: "Zimangotero basi." Apa ndinaona kuti ambirife tinangoloweza. Vuto la kuloweza n'lakuti mayeso akangotembenuza chiganizo pang'ono, mutu umaima.

Maganizo anga ndi akuti mawu amenewa, omwe m'buku amawatcha indefinite pronouns, tingawamvetse msanga titawayerekeza ndi Chichewa chathu chomwechi. Awa ndi alowam'malo amene satchula munthu kapena chinthu chenicheni. Ofala kwambiri alipo 12, ndipo sofunika kuloweza ngati nyimbo. Tengani some, any, every ndi no, lililonse mulilumikize ndi one, body ndi thing. Mupeza someone, anybody, everything, nothing ndi ena otero. Chenjerani ndi "no one" yekha, chifukwa amalembedwa motalikitsa ngati mawu awiri.

Nanga ine ndinalakwa pati? Ndinkaganiza kuti everyone ndi "onse", pomwe tanthauzo lake lenileni ndi "aliyense". Tamvani mmene timayankhulira kunyumba. Timati "onse adya", koma "aliyense wadya". Timati "onse atenge mbale zawo", koma "aliyense atenge mbale yake". Mwaona eti? "Aliyense" amawerenga anthu mmodzimmodzi, ngakhale atadzaza bwalo lonse la mpira. Chingerezi nachonso chimatero. Taonani kumapeto kwa mawuwo: ndi one, body ndi thing, osati bodies kapena things. Choncho onse 12 aja amayenda ndi mneni wa chinthu chimodzi: "Everyone is present." "Somebody has taken my pen." "Nothing is left." Musasokonezeke mukaona "Everyone has brought their book." Mawu oti their amaloledwa pamenepo, koma mneni amakhalabe has.

Kwina komwe timagwa ndi kukana kawiri. Pabwalo timamva wina akuti, "I didn't see nobody." Tiyeni tiyese pa Chichewa. Ukanena kuti "palibe amene wabwera", ndiye kuti m'kalasi mulibe munthu. Koma ukati "palibe amene sanabwere", wanena kuti onse alipo. Kukana kawiri kwatembenuza nkhani. Pa Chingerezi cholemba pamayeso n'chimodzimodzi. Nobody, no one ndi nothing akana kale, safunanso not. Sankha chimodzi: "I saw nobody" kapena "I didn't see anybody."

Za some ndi any n'zachidule. Some timagwiritsa ntchito povomereza: "There is someone outside." Any timagwiritsa ntchito pokana ndi pofunsa: "Is there anyone outside?" Koma ukamapatsa mlendo chinthu umati, "Would you like something to eat?" poti ukuyembekeza kuti avomera.

Ndikudziwa kuti ena munena kuti kuganiza m'Chichewa ndiye kumatiwonongera Chingerezi. Penapake mukunena zoona. Ife timati "madzi onse atha", koma pa Chingerezi ndi "All the water is finished", chifukwa kwa iwo madzi sawerengeka. Koma ukanena za ana asukulu ndi "All the pupils are here." Ndiye mawu ngati all ndi some amafuna uyang'ane dzina lomwe akuliimira. Aliponso many, few, several ndi both, amene nthawi zonse amatenga are kapena have. Sindikunena kuti tizimasulira liwu ndi liwu ayi. Ndikuti tizifananitsa zinenero ziwirizi, tione pamene zikugwirizana ndi pamene zikusiyana. Ukadziwa pomwe pali dzenje, sugweramo.

Komanso tisamadzinamize. Ife sitili ngati anzathu ogonera pasukulu amene amawerenga usiku pamagetsi. Tikaweruka kukutidikira ulendo wapansi, kumjigo, nkhuni, kudimba kapena mbuzi. Buku limodzi timagawana anthu angapo, ndipo kunyumba palibe woyankhula naye Chingerezi. Chomwe aliyense wa ife ali nacho chokwanira ndi Chichewa. Tichisiyirenji panja pa kalasi pomwe chingatithandize?

Wina atha kunena kuti "is" ndi "are" ndi tinthu tating'ono, bola munthu wamva. Kumsika n'zoona, koma pamayeso a JCE a MANEB wochonga samva chisoni. Tonse tikudziwa kuti ukalephera Chingerezi satifiketi supata, ngakhale Masamu ndi Agriculture utakhoza bwanji. Malikisi amodzi apa, amodzi apo, ndi omwewo amasiyanitsa wokhoza ndi wobwereza. Makolo athu amagulitsa mtedza ndi nkhuku kuti tikhale pano, ndiye tisataye malikisi pa zinthu zoti tingazikonze sabata imodzi.

Pempho langa lili pawiri. Loyamba, tisiye kuseka mnzathu akalakwitsa. Ngati ukudziwa yankho, muuze ndi chifukwa chake chomwe. Ngati chifukwacho sukuchidziwa, nawenso ukufunika thandizo, khala pansi tifunse limodzi. Paja safunsa anadya phula. Lachiwiri, lembani mawu 12 aja kumapeto kwa kope lanu, ndipo poweruka muzifunsana m'njira, wina anene chiganizo cha Chichewa, mnzake achinene pa Chingerezi. Ine ndi anzanga awiri timatero tsiku lililonse, ndipo ndayambanso kukweza mkono.

Musanachoke pano, tayesani kudzaza mpatawu mumtima mwanu: "Everybody in Form 2 ____ going to pass." Mukapeza yankho, mufotokozereni amene waima pambali panuyo chifukwa chake.

Wophunzira wa Fomu 2