Botolo Lotsika Mtengo Limalipidwa mu Januwale

Mwezi wa Disembala ukafika, masitolo a mumzinda wa Blantyre amadzaza ndi zakumwa zachilendo. Vinyo wochokera ku South Africa amafika m'mabotolo ndi m'makatoni a malita 5, ndipo palinso vinyo wa m'dziko muno wopangidwa ndi zipatso monga magwafa ndi chidede, amene kampani ya Linga imapanga ku Lilongwe. Ogulitsa amalemba mitengo yotsitsidwa ndi zilembo zikuluzikulu. Anthu a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri akalandira malipiro a kumapeto kwa chaka, amagula mabotolo oti akasangalatse nawo abale kumudzi pa Khirisimasi ndi pa Chaka Chatsopano. Motero zimene zagulidwa m'tauni zimakamwedwa m'midzi ya ku Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje.

Kukumbukira abale ndi khalidwe lotamandika. Koma wogula amene amangofunsa mtengo wokha amasiya mafunso awiri ofunika koposa: kodi m'botolomo muli chiyani, nanga banja lidzatsala ndi chiyani chikondwerero chikatha?

Choyamba choyenera kudziwa n'chakuti vinyo si sobo. Kutsekemera kwake kumanyenga, makamaka amayi ndi achinyamata amene sanazolowere zoledzeretsa. Mowa wa m'mabotolo wamba uli ndi mphamvu yoledzeretsa pafupifupi magawo 5 pa 100 alionse, pamene vinyo wambiri ali ndi magawo 12 mpaka 14. Kunena kwina, munthu amene wamaliza yekha botolo limodzi la vinyo la mamililita 750 wamwa zofanana ndi mabotolo 5 kapena 6 a mowa wamba. Katoni ya malita 5 ili ndi vinyo woposa mabotolo 6 otere, ndipo poti mkati mwake simuoneka, omwa sadziwa kuti afika pati mpaka miyendo itawakana.

Amene sangathe kugula vinyo amathamangira timabotolo ta mowa waukali totchedwa midoli, tomwe tapezeka ponseponse m'misika ndi m'mashabini. M'chaka cha 2015 Boma linaletsa mowa wa m'masacheti poona kuti ana asukulu ankaugula ndi ndalama zochepa n'kumaubisa m'matumba, ndipo mu 2017 linakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse yokhudza mowa. Masacheti anachoka, koma mowa wotchipa unabwerera m'timabotolo. Mowa waukali wotere umakhala ndi mphamvu pafupifupi magawo 40 pa 100, ndiye kuti kabotolo kakang'ono kangathe kugwetsa mwamuna wamkulu.

Choopsa kuposa zonsezi ndi mowa wosadziwika kumene wachokera. Mu Epulo 2024 anthu angapo a mu Blantyre anamwalira ndipo ena anagonekedwa ku chipatala cha Gulupu atamwa mowa umene omwa anaupatsa okha dzina lakuti Ambuye Tengeni. Mowa wopangidwa mobisa ungathe kukhala ndi poizoni wotchedwa methanol, amene saoneka ndi maso ndipo sasiyana fungo ndi mowa wina. Pang'ono pokha amachititsa khungu, ndipo wochulukirapo amapha. Zizindikiro zake zimachedwa, nthawi zina mpaka tsiku lathunthu: mutu waukulu, kusanza, kupweteka m'mimba, kupuma mothamanga ndi kuona zinthu mwachimbuuzi. Munthu wotere asasiyidwe kuti agone poganiza kuti ndi matsire chabe. Ayenera kupita naye ku chipatala nthawi yomweyo, ndipo botolo limene anamweramo litengedwe kuti madokotala alione.

Alipo ena amene amati vinyo wofiira amawonjezera magazi ndiponso amalimbitsa mtima. Kufiira kwa chakumwa sikupanga magazi. Magazi amachokera ku zakudya monga nyemba, chisoso, bonongwe, usipa, mazira ndi chiwindi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu Januwale 2023 kuti palibe mlingo wa mowa umene tinganene kuti suononga thupi. Mowa wa mtundu uliwonse, wodula kapena wotchipa, umaononga chiwindi, umakweza kuthamanga kwa magazi, ndipo uli m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, kuphatikizapo khansa ya kum'mero imene Malawi ali pakati pa maiko ovutika nayo kwambiri.

Pali anthu amene sayenera kulawa ngakhale kapu imodzi, ngakhale wapereka ndi mlamu wolemekezeka wochokera ku tauni. Mayi woyembekezera akamwa, mwana wa m'mimba amamwa naye, ndipo ubongo wake ungaonongeke kwa moyo wonse. Odwala chifuwa chachikulu cha TB amene ali pa mankhwala amalemetsa chiwindi chawo kawiri. Amene amamwa ma ARV amaiwala nthawi ya mankhwala akaledzera. Odwala khunyu, ana osakwana zaka 18, oyendetsa galimoto ndi akabaza onse ayenera kuukana. Kukana kotere si mwano, ndipo mwininyumba wanzeru sakakamiza mlendo.

Tsono pali nkhani ya thumba. Khirisimasi m'dziko muno imagwa pa nthawi imene nkhokwe zambiri zayamba kupepuka. Chimanga cha m'munda chimafuna kupalira ndi feteleza wachiwiri, sukulu zimatsegulidwa mu Januwale, ndipo malungo ndi matenda otsegula m'mimba amachuluka ndi mvula. Ndalama imene yathera m'botolo pa 25 Disembala ndi yomweyo imene idzasowe pogula ufa, makope ndi sopo, kapena polipira njinga yonyamula mwana wodwala usiku. Amene amalipira ngongole imeneyi kawirikawiri ndi mayi ndi ana, anthu oti sanamwe n'komwe.

Munthu wamkulu amene wasankha kumwa achite mwanzeru. Agule m'sitolo yovomerezeka, aone kuti chitsekerero n'chosatsegulidwa, kuti dzina la wopanga ndi mphamvu ya mowawo zalembedwa, ndiponso kuti mowa wopangidwa m'dziko muno uli ndi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards. Akulu anati safunsa anadya phula. Ayambe wadya nsima, amwe pang'onopang'ono mosinthanitsa ndi madzi, ndipo asiye akadali ndi nzeru zake.

Komabe mphatso yabwino yochokera ku tauni ndi imene banja lonse ligawana. Mpunga, nkhuku, shuga ndi mafuta ophikira zimasangalatsa kuyambira agogo mpaka kamwana, ndipo thobwa lophikidwa mwaukhondo ndi mango a nyengo ino zimakwanira alendo onse. Banja lochita chikondwerero chotere limadzuka m'mawa lili ndi mphamvu zopita kumunda, ndipo limalowa m'chaka chatsopano popanda maliro ndi ngongole.