PAKHOMO PATHU: Tikonze Khonde, Mlendo Ali Panjira

Mwezi wa Disembala wafika. Mvula yayamba, mango akupsa, ndipo m'masitolo a ku Kamwala ndi a mu msewu wa Cairo mwadzaza kale mitengo yapulasitiki, timagetsi tothwanima ndi thonje loyera limene amati likuimira chisanu cha ku Ulaya. Ana athu akadutsa pamenepo maso amatsalira pagalasi, ndipo pofika kunyumba funso lawo limakhala limodzi: "Amayi, nanga ife tikongoletsa liti?" Mwezi uno tiyeni tiliyankhe funso limeneli, makamaka pa nkhani ya khonde, pakuti ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi kwa George khonde ndilo nkhope ya banja.

Nyumba zambiri m'makomboni mwathu ndi za lendi, za chipinda chimodzi kapena ziwiri. M'kati mumachepa, choncho moyo wonse umatulukira pakhonde. Ndi pamene amayi amakolezera mbaula, abambo amakonzera njinga, ana amalembera ntchito ya kusukulu, ndipo mlendo amaodira. Mabanja ena alibe ndi khonde lomwe, ali ndi sitepe imodzi ya simenti pakhomo. Asadandaule: zimene tikambe pano zikwanira ngakhale pa sitepe imodziyo.

Anthu osowa malo

Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Luka, mutu 2, umatiuza kuti Maria anagoneka Mwana wake modyera ziweto chifukwa m'nyumba ya alendo munalibe malo awo. Nkhani imeneyi anthu a m'komboni sayenera kuchita kuwamasulira. Pamene Lusaka inakhala likulu la dziko mu 1935, atsamunda anaukonza mzindawu poganizira azungu ndi antchito awo ochepa. Makolo athu ambiri amene anabwera kudzafuna ntchito anasowa pogona, namanga timisasa m'mapulazi ndi m'mbali mwa migodi ya miyala. Mayina monga George, John Howard ndi John Laing akukumbutsabe eni malo a nthawi imeneyo. Panapita zaka zambiri, mpaka lamulo la nyumba la 1974, kuti boma liyambe kuvomereza ndi kutukula malo ngati Chawama ndi George. Tsono pamene Tchalitchi lalikulu la Arkidayosizi yathu lili m'dzina la Mwana Yesu, tisaiwale kuti Mwanayo anabadwira malo ofanana kwambiri ndi kwathu kuno kuposa nyumba za mipanda italiitali.

Udzu, ng'ombe ndi bulu

Mwambo wokonza kakhola ka Khrisimasi unatchuka chifukwa cha Francis Woyera wa ku Assisi. M'chaka cha 1223, kutatsala masiku 15 kuti Khrisimasi ifike, iye anaitana bwenzi lake la m'mudzi wa Greccio ku Italy, nalipempha kuti likonze phanga ndi kuikamo chodyera ziweto, udzu, ng'ombe ndi bulu. Chimene Francis ankafuna chinali choti aone ndi maso ake umphawi umene Ambuye anabadwiramo. Usiku umenewo anthu a m'midzi anabwera ndi miuni, wansembe anachita Misa pamwamba pa chodyeracho, ndipo Francis, pokhala dikoni, anaimba Mthenga Wabwino ndi kulalika. Zifanizo zogula panalibe. Ng'ombe ndi bulu sizitchulidwa n'komwe mwa Luka; Akhristu akale anazitenga m'mutu woyamba wa Mneneri Yesaya, pamene akunena kuti nyama ziwirizi zimadziwa mbuye wake pamene anthu amuiwala.

Pa 1 Disembala 2019 malemu Papa Francis anapita ku Greccio komweko, nasainira kalata yotchedwa Admirabile Signum, yolimbikitsa mabanja kuti mwambowu usafe, ndipo uchitike m'nyumba, m'sukulu, m'zipatala, m'ndende ndi m'malo a ntchito. Ngati unayamba ndi udzu ndi nyama zobwereka, palibe banja la ku Mtendere limene linganene kuti lilibe chokonzera.

Tiyambe ndi tsache

Kumudzi, chikondwerero chikayandikira, amayi amayamba ndi kuzira nyumba ndi kulambula bwalo. M'tauni dothi lozirira lalowedwa m'malo ndi kobra wofiira, koma nzeru yake ndi yomweyo: ukhondo ndiwo uyamba. Kwa ife nkhani imeneyi ndi ya moyo ndi imfa. Ku Kanyama nthaka ndi yathyathyathya, pansi pali thanthwe, ndipo madzi ali pafupi; mvula ikachuluka zimbudzi zokumba zimasefukira ndi kuipitsa zitsime zosazama. Mliri wa kolera wa 2017 unayamba mu Okutobala, wa 2023 nawonso mu Okutobala, ndipo yonse iwiri inakula m'nyengo ya Khrisimasi ndi Chaka Chatsopano. Mu Januwale 2024 bwalo la masewero la National Heroes linasanduka chipatala, sukulu zinachedwa kutsegulidwa mpaka Febuluwale, ndipo anthu oposa 700 anamwalira m'dziko muno.

Motero chokongoletsa choyamba cha khonde lachikhristu chikhale ngalande yotseguka. Anyamata a pabwalo limodzi agwirizane Loweruka loyamba la Adiventi, achotse zinyalala, atsire miyala kapena matumba a mchenga pamene pamadikha madzi, kuti agogo ndi ana athe kudutsa popita ku Misa ya usiku. Pambali pa chitseko pakhale chidebe cha madzi othira klorini ndi sopo. Maluwa obzala m'zitini ndi okongola, koma zitinizo zibooledwe kunsi, chifukwa madzi okhalitsa ndiwo nyumba ya udzudzu.

Manja a ana

Khonde likayera, itanani ana. Amene amatha kupanga galimoto ya waya sangalephere kupinda nyenyezi. Katoni yakale, timitengo ndi udzu wouma zipanga khola. Dothi la kudambo lipanga Maria, Yosefe, abusa ndi nkhosa. Kansalu kotsala kwa atelala kakhala chofunda. Kakholako kaikidwe pamalo okwera, pansi pa denga, kuti mvula isasungunule ntchito ya ana. Chodyera chikhale chopanda kanthu kufikira usiku wa pa 24 Disembala. Mwana wamng'ono akafunsa chifukwa chake, mwapeza mpata wa katekisimu woposa wa m'kalasi: tikudikira. Mabanja ena ali ndi mwambo wabwino wakuti mwana aliyense akachita ntchito yachifundo, monga kutungira madzi nkhalamba, amaika kaudzu kamodzi m'chodyeramo, kuti Mwana Yesu adzapeze pofewa.

Nkhata ya Adiventi nayonso inayambira pakati pa osauka. Mbusa wa mpingo wa Lutheran, Johann Hinrich Wichern, ankalera ana osowa mumzinda wa Hamburg ku Germany, ndipo mu 1839 anaika makandulo pa gudumu la ngolo kuti anawo aziwerengera masiku otsala. Pambuyo pake Akatolika anautenga mwambowu ndi makandulo anayi, imodzi pa Lamulungu lililonse. Ife tingaluke nkhatayo ndi masamba a mango kapena mlaza. Koma apa tichenjezane. M'chaka cha 2024, chilala chitaphwetsa nyanja ya Kariba, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo tonse tinaphunzira kuopsa kwa kandulo yoiwalika. Udzu wouma, katoni ndi moto sizigwirizana. Kandulo iyatsidwe pa nthawi ya pemphero yokha, wamkulu ali pomwepo, itaimikidwa m'mbale ya mchenga kutali ndi kakhola ndi makatani. Usiku wonse pakhale nyali ya sola. Ndipo amene ali ndi timagetsi asalumikize nthambo zosenda pakhonde lonyowa pamene ana amasewera opanda nsapato.

Za kaloba

Akulu anati walira mvula walira matope. Amene walira Khrisimasi ya m'sitolo walira ngongole ya Januwale. Chaka chilichonse timaona mabanja akutenga kaloba kuti afanane ndi a khomo loyandikana, kenaka mwezi wotsatira akusowa ya lendi, yunifolomu ndi makope, ngakhale kuti kuyambira 2022 m'sukulu za boma simulipiridwa fizi. Mtendere wa banja umathawa, mwamuna ndi mkazi ayamba kulozana zala, ndipo wailesi kapena matiresi zimapita kwa mwini ndalama. Bambo ndi mayi akhale pansi Adiventi isanafike pakati, agwirizane ndalama ya chikondwerero, ndipo ya sukulu ndi ya nyumba aibise kaye. Amene akukhala pabwalo limodzi angathe kusonkherana ndi kukonza kakhola kamodzi ka onse, atapempha eni nyumba mwaulemu. Kumeneko mphakati, umene ena amautcha chitente, ungamakumane madzulo kuyambira pa 17 Disembala, masiku amene Eklezia amakonzekera mwapadera kubadwa kwa Mpulumutsi. Anansi a mipingo ina aitanidwe. Mwana wa ku Betelehemu sanabadwire Akatolika okha.

Mpando wa mlendo

Nyengo ya Khrisimasi siitha pa 26 Disembala. Imapitirira mpaka pa chaka cha Ubatizo wa Ambuye, choncho kakhola kasachotsedwe msanga. Pa chaka cha Epifaniya ana aonjezepo anzeru atatu a kum'mawa, ndipo mutu wa banja atenge choko chodalitsidwa, alembe pamwamba pa chitseko zilembo C, M ndi B pakati pa manambala a chaka chatsopano. Zilembozi zimakumbutsa mayina amene mwambo unapatsa anzeruwo, Caspar, Melchior ndi Balthasar, komanso ndi chidule cha pempho la m'Chilatini lakuti Khristu adalitse nyumbayo.

Chotsiriza, pakhonde pakhale mpando umodzi kapena mphasa yosakhalidwa. M'mzere uliwonse wa nyumba muli wamasiye amene ana ake ali kutali, mnyamata wongofika kumene kuchokera ku Chipata kapena ku Petauke, mwana amene amagona pafupi ndi msika wa Soweto, kapena wodwala amene sanatuluke panja mwezi wathunthu. Banja lisankhe mmodzi, limuitane ndi dzina, adye nawo mpunga ndi nkhuku ngati ilipo, nsima ndi ndiwo zamasamba ngati palibe. Wodwalayo amutengere mbale kwawo. Paja mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Eni nyumba ya alendo ku Betelehemu sanadziwe amene anali pakhomo pawo usiku uja, koma ife tauzidwa kale.

Ndikufunirani nonse Adiventi yopatulika ndi Khrisimasi ya mtendere. Tidzakumanenso pakhomo pano mwezi wamawa, Mulungu akalola.