Pemphero Si Mabuleki

Anzanga acinyamata, pali cizolowezi coipa cimene cazika mizu m'magulu athu. Ikafika nthawi ya msasa kapena mpikisano wa makwaya, komiti ifunafuna lole kapena minibasi yochipa koposa. Tifunsa mtengo, tifunsa kuti mulowa anthu angati, koma za mabuleki palibe afunsa. Tikakwera, wapampando apemphera, tonse tivomera kuti Amen, basi ulendo wayamba. Wina akadandaula, timuuza kuti cikhulupiriro cake ncocepa.

Ici si cikhulupiriro ai. Uku ndiko kuyesa Mulungu, kumene Ambuye Yesu anakana pamene Satana anawauza kuti adziponye pansi kucokera pamwamba pa Kacisi (Mateyu 4). Pa Deuteronomo 22:8 womanga nyumba alamulidwa kuika kampanda pa tsindwi, kuti munthu asagwe ndi kumusiyira mlandu wa mwazi. Kodi Mulungu wosamala za kampanda angakondwere kuona ana ake 30 m'lole yosaima?

Galimoto yakale siibisa matenda ake, ndipo sipafunika satifiketi kuti muwaone. Dalaivala akaponda buleki kawiri katatu galimoto isanaime, kapena copondera cikamira mpaka pansi, ndiye kuti m'mapaipi muli mpweya kapena mafuta a mabuleki akudontha. Mukamva kulira kwa citsulo cokhuzana ndi citsulo cinzake, mapadi kapena malaining'i atha, ndipo disiki kapena dilamu ikudyeka. Galimoto ikakhotera mbali imodzi poima, buleki ya wilo lina siikugwira. Sitiyaling'i ikanjenjemera poponda buleki, kawirikawiri disiki ndiyo yawonongeka. Suzumirani mkati mwa mawilo akumbuyo: mukapeza ponyowa, silinda yatha mphira zake. Nanga kondakita wotsika ndi mwala pamtunda uliwonse? Ameneyo akulengeza yekha kuti handibuleki inafa kale.

Coipitsitsa ndi kukonza kwabodza. Ena athira madzi a sopo m'malo mwa mafuta a mabuleki. Madzi awira msanga mabuleki akatentha, asanduka nthunzi, ndipo nthunzi siingakankhe mapadi. Ena athira oilo ya injini, imene itupitsa ndi kuwononga mphira zonse. Enanso aphwanya paipi yodontha ndi nyundo kuti itsekeke, galimoto nkuyenda ndi mabuleki a mawilo atatu. Pamsewu wosalala zonsezi zioneka ngati nzeru. Koma pa mitsetse ya Manenekela, pa Great East Road, kapena pa Kapiri Ngozi potsikira ku Chirundu, bodza lioneka poyera. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola iyenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi. Kodi dalaivala apopa buleki kangati asanafike paphompho?

Kukonza kweni-kweni nkodziwika. Mapadi asinthidwa akatsala mamilimita 3, ndipo asinthidwa mbali zonse ziwiri pamodzi. Dilamu yodyeka kupitirira muyeso wolembedwa pa iyo itayidwa. Mafuta akhale a mtundu wolembedwa pa cotsekera, DOT 3 kapena DOT 4, ocokera m'botolo losatsegulidwa, ndipo asinthidwe zaka ziwiri zilizonse popeza amamwa cinyezi. Akamaliza, makanika acotse mpweya pa wilo lililonse.

Mudzati: "Ndalama tilibe." Zoona, thumba la acinyamata ndi lopepuka. Koma ndalama za yunifomu yatsopano ndi za nkhuku za paulendo zipezeka bwanji? Mapadi ndi ochipa kuposa bokosi la maliro, ndipo pepani sapoletsa cilonda. Mudzatinso: "Ili ndi pepala la fitinesi la RTSA." Pepalalo linena za tsiku limene galimoto inapimidwa, silinena za lero.

Tsono tisinthe. Gulu lililonse lisankhe anthu awiri okaona galimoto tsiku la ulendo lisanafike, makamaka amene aphunzira umakanika. Dalaivala aiyendetse ndi kuiimitsa iwo akuona. Ngati akana, nanunso kanani, ngakhale mwini wake akhale mkulu wa mpingo. Muuzeni mwaulemu kuti: "Atate, konzetsani coyamba, ife tidzadikira." Kuphonya msasa si chimo, koma kunyamula ana a eni m'galimoto imene mudziwa kuti siima ndi mlandu pamaso pa Mulungu. Konzani mabuleki, kenaka tipemphere.